Bwalo la Makomo Awiri

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike! Wa mpanje ayale njira, wa gunda abangule pansi, wa mbalule alankhule pamwamba pa onse. Amayi, nthungululu zikhale pafupi ndi milomo, pakuti amene tikumutchula lero ndi wamkulu wa mayina ambiri, ndipo dzina lililonse lifuna kulandiridwa.

Gu! Gu! Nde-nde-nde, gu!

Ndinu Jeux de la Francophonie, masewero a mayiko olankhula Chifalansa. Ndinu Bwalo-la-makomo-awiri: khomo ili alowera wothamanga, khomo ilo alowera wosimba nthano, mkatimo akhala pamphasa imodzi. Ndinu Msula-golide-wosakondera, amene mendulo ya wosema mtengo mumaisula pang'anjo yomweyo ndi ya wogwetsa mnzake pamchenga. Ndinu Mlendo-wa-zaka-zinayi, wosazika mtengo pamudzi umodzi. Ndinu Kaitana-achinyamata, amene mfuu yanu imadzutsa a zaka 18 kulekeza 35, kuchokera ku Dakar mpaka ku Bucharest, ku Port-au-Prince mpaka ku Antananarivo.

Wotamanda mfumu amayamba ndi makolo ake. Agogo anu anakhala upo ku Niamey, m'mbali mwa mtsinje wa Niger, pa 20 Malichi 1970, tsiku limene linabadwa bungwe lomwe lero likutchedwa Organisation internationale de la Francophonie. Amene anasonkhezera moto wake ndi awa: Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal, Hamani Diori wa ku Niger, Habib Bourguiba wa ku Tunisia, Norodom Sihanouk wa ku Cambodia. Tcherani khutu pa mayina amenewa! Atatu a mu Africa, mmodzi wa ku Asia, palibe wobadwira ku Paris. Ndinu Mdzukulu-wa-mlakatuli, pakuti Senghor asanakhale pulezidenti anali kale wolemba ndakatulo, ndipo atakhala pampando cholembera sanachitaye. Mwana wa banja lotere akanakana bwanji nyimbo pabwalo lake?

Pakati panu panatengedwa ku Québec mu 1987, atsogoleri atasonkhana. Chikuta chinali ku Morocco, ku Casablanca ndi ku Rabat, mu Julaye 1989. Ndinu Wobadwira-mu-Africa! Mchombo wanu unakwiriridwa m'dothi la kuno, ndipo tsiku lotuluka m'chikuta munasonyezeratu khalidwe lanu, loti mwini bwalo simumupatsa chikho chifukwa choti ndiye waphika: Canada anagonjetsa Morocco 4-1 m'ndime yomaliza ya mpira wamiyendo, pamaso pa eni mudzi.

Nde-nde, nde-nde, gu!

Ndinu Mtola-chotayidwa. Masewero a Olimpiki nawo anali ndi khomo la aluso. Kuyambira ku Stockholm mu 1912 mpaka ku London mu 1948, olemba, oyimba, ojambula, osema ndi olemba mapulani a nyumba ankalandira mendulo. Pierre de Coubertin mwiniwake, amene anadzutsa masewerowo, anapata golide wa zolemba mu 1912 atabisala kuseri kwa dzina longopeka. Kenaka akuluakulu anati aluso amadyera luso lawo, sayenera kupikisana pabwalo la ongosewera, natseka khomolo. Inu munalipeza lotseka, munalikankha ndi phewa. Ife a banja la Commonwealth timatumiza ankhonya, othamanga ndi atsikana a mpira wamanja, koma wosimba nthano wathu amatsala pakhomo, chifukwa kumeneko kulibe mendulo yake. Ndikamakutamandani, ndikutamanda chimenechi choyamba.

Lowani, a khomo loyamba! Othamanga a liwiro ndi a mtunda wautali, oponya nthungo, odumpha mtanda. Othamanga aulumali, amene bwalo ndi lawo mofanana ndi wina aliyense. Atsikana a basketball, anyamata a mpira wamiyendo, a judo omanga lamba m'chiuno, opalasa njinga pamsewu, a tenisi ya patebulo amene kampira kawo diso limalephera kukatsatira.

Ndipo lowani inu ogwetsana a mu Africa! Apa wa gunda aonjezere dzanja, pakuti masewero awa ndi ng'oma ndi pachibale. Bwalo lawo ndi mchenga wozunguliridwa ndi matumba, chida chawo ndi chiuno, mkono ndi kuleza mtima. Amayamba ndi kuyesana manja, kuwerama, kuyang'anana m'maso, wina kufunafuna mwendo wa mnzake, mpaka mphindi imodzi yokha imene fumbi limati kobo, ndipo nkhani yatha. Ku Senegal wogwetsa amavina bàkk, kudzitamanda yekha pamaso pa khamu ng'oma za sabar zikumuyankha. Ku Niger wogwetsa wa Chihausa amafuula kirari, kutchula mphamvu zake ndi amene anawagwetsa, ndipo ngwazi ya dziko lonse imalandira lupanga. Ndinu Mlemekeza-mchenga, amene masewero a pambuyo pa zokolola munawaika pamndandanda umodzi ndi judo wa ku Japan, osawasandutsa chionetsero chosangalatsa alendo podikira masewero enieni.

Lowani, a khomo lachiwiri! Oyimba nyimbo zopeka okha, ovina magule opeka okha, ojambula ndi utoto, ojambula ndi kamera, osema. Lowani achinyamata a m'misewu, ovina hip-hop, ododa mpira osaulola kukhudza pansi, onyamula zidole zitalizitali zoposa denga la nyumba, opanga zaluso pakompyuta. Lowani olemba nkhani zazifupi, inu amene mpikisano wanu ulibe mluzu kapena ochemerera, munthu yekha ndi pepala.

Koma wa mbalule atsitse dzanja pang'ono, akulowa wosimba nthano. Uyu ndiye amandigwira mtima. Alibe mpira, alibe njinga, alibe timu. Ali ndi mawu, nkhope, manja ndi kudziwa poyenera kukhala chete. Anachokera ku mayiko kumene Leuk kalulu amapusitsa Bouki fisi, monga Senghor ndi Abdoulaye Sadji anawalembera ana asukulu mu 1953. Kumene Kacou Ananzè kangaude amagwa m'misampha yake yomwe, monga Bernard Dadié wa ku Côte d'Ivoire anasimbira. Ife amene tinakula tikuyankha kuti "tili tonse" agogo akati "padangokhala" tikumudziwa munthu ameneyu, ngakhale chilankhulo chake chitatidutsa. Ntchito yake anthu ambiri amaiyesa yogonetsera ana. Inu munamuimika pansanja, oweruza ali patsogolo, mbendera ya dziko lake ili kumbuyo, ndipo akapambana mumamuveka golide amene amawerengedwa pamndandanda wa mendulo za dziko lake. Ndinu Mkweza-nthano! Ndinu Wopatsa-agogo-mpando-kubwalo-la-masewero!

Lululululu! Gu! Gu!

Tsopano tiyende nanu m'midzi imene munagonamo. Lamulo la makolo anu linali loti muzisinthanasinthana, ulendo uno kumayiko olemera, ulendo winawo kumayiko osauka, kuti wina asamangokhala wolandira alendo, wina wongopempha malo.

Ndinu Wa-ku-Paris, 1994. Ndinu Wowoloka-nyanja, wa ku Antananarivo, mzinda wa pamapiri pa chilumba cha Madagascar, 1997, kumene Canada anatenganso chikho cha mpira. Ndinu Wa-magombe-awiri, wa ku Ottawa ndi Hull, 2001, mizinda iwiri yopenyana pamtsinje umodzi. Canada ameneyu amabwera kwa inu ndi matimu atatu, la dziko lonse, la Québec ndi la New Brunswick, ndipo inu mumayala mphasa zitatu osafunsa zambiri.

Ndinu Wobwerera-kwa-agogo, wa ku Niamey, Disembala 2005. Chaka chimenecho Niger anali m'njala. Chilala ndi dzombe za mu 2004 zinasesa mapira ndi mawere, ndipo zithunzi za ana owonda zinayenda dziko lonse lapansi. Analipo ofunsa kuti dziko lanjala likuitaniranji alendo, ndipo funso lawo silinali lachibwana. Nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, ndalama iliyonse yopita kubwalo la masewero imapweteka. Koma anthu a ku Niger anafunanso kuti dziko lapansi liwaone ataimirira, osati atatambasula dzanja lokha. Anasesa bwalo la Seyni Kountché, analandira alendo mphepo yafumbi ya m'chipululu ikuomba. Kumeneko anyamata a Côte d'Ivoire anatenga golide wa mpira pamene kwawo dziko linali litang'ambika pakati ndi nkhondo yoyamba mu 2002. Ndinu Mpatsa-ulemu-wosauka!

Ndinu Wa-pansi-pa-mkungudza, wa ku Beirut, 2009, patangopita zaka zitatu chichitikireni nkhondo ya 2006 imene inagumula milatho ndi nyumba za Lebanon. Munadzaza bwalo la Camille Chamoun ndi nyimbo m'malo mwa kulira kwa ndege. Congo wa ku Brazzaville anapambana mpira kumeneko, nabwerezanso ku Nice mu 2013, kuti wina asanene kuti unali mwayi.

Nde-nde-nde! Imvani za Abidjan, mzinda wa pathamanda la Ébrié, Julaye 2017. Apa ndiime, pakuti apa ndi pamene makomo awiri aja anatulutsa ana amene dziko lonse linadzawadziwa.

Pakhomo loyamba panatulukira Hugues Fabrice Zango wa ku Burkina Faso, Mdumpha-katatu, Phazi-losakhalitsa-pansi. Anatenga golide wanu ku Abidjan. Mu Januwale 2021 anadumpha mamita 18.07 m'bwalo lofolera, mtunda umene munthu anali asanaufike m'bwalo lotero. Ku Tokyo chaka chomwecho anapatsa dziko lake mendulo yoyamba ya Olimpiki m'mbiri yake yonse. Ku Budapest mu 2023 anakhala ngwazi ya dziko lapansi. Ndipo zonsezi ankachita akuphunzira zamagetsi mpaka digiri ya udokotala. Mwana wa ku Ouagadougou, wamyendo ndi mutu!

Pakhomo lachiwiri panatulukira Mohamed Mbougar Sarr wa ku Senegal, wobadwa mu 1990, Cholembera-chosagona. Ku Abidjan sanatenge golide ayi, anatenga mendulo yachitatu pa nkhani yaifupi. Patapita zaka zinayi, mu 2021, buku lake La plus secrète mémoire des hommes linalandira Prix Goncourt, mphotho yaikulu koposa ya mabuku a Chifalansa, ndipo iye anakhala woyamba wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kuilandira. Achinyamata amene munatuluka achitatu pampikisano, mwamva? Ndinu Nazale-ya-ngwazi, inu Jeux de la Francophonie, amene mumaona mbande isanadziwike kuti idzakhala mtengo wanji.

Gu! Gu! Gu! Tsopano onse pamodzi, pakuti tafika ku Kinshasa!

Ulendo umenewu sunali wa Kinshasa poyamba. Munalonjezedwa ku Moncton ndi Dieppe, m'chigawo cha New Brunswick, kuti mukafike mu 2021. Koma mtengo umene unayambira pa madola a ku Canada 17 miliyoni unakwera kufika pa 130 miliyoni, ndipo mu Januwale 2019 boma la chigawocho linati katunduyu watilemera. Munatsala panjira, Mlendo-wopanda-pogona. Amene anatsegula chitseko ndi Congo wa ku Kinshasa, dziko limene anthu ambiri sakanaliganizira. Tsiku linasunthidwa kupita mu 2022, linasunthidwanso kupita mu 2023, mliri wa Covid-19 ndi kuchedwa kwa zomangamanga zikukokerana. Amisiri anali akukhomabe masiku otsegulira atayandikira. Québec anati satumiza achinyamata ake, natchula nkhawa za chitetezo ndi zaumoyo. Mlembi wamkulu wa bungwe lanu, Louise Mushikiwabo wa ku Rwanda, sanafike pamwambo wotsegulira, pakuti pakati pa Kinshasa ndi Kigali panali moto chifukwa cha nkhondo ya zigawenga za M23 kum'mawa kwa dzikolo.

Koma pa 28 Julaye 2023 bwalo la Stade des Martyrs, lolowa anthu pafupifupi 80,000, linadzaza. Félix Tshisekedi anatsegula, Fally Ipupa anayimba, ndipo mpaka pa 6 Ogasiti anthu a mumzindawo anakhamukira kumabwalo, kuchemerera ngakhale masewero amene ambiri anali asanawaonerepo. Alendo anagona pa yunivesite ya Kinshasa. Ena anapikisana pabwalo la Tata Raphaël, pamalo pomwe Muhammad Ali anagwetsera George Foreman pa 30 Okutobala 1974. Cameroon anatenga golide wa mpira, Morocco anatsogola pamndandanda wa mendulo, koma ulemu waukulu unatsala ndi eni mudzi amene ananenedwa kuti sangathe.

Kinshasa, Mzinda-wosagona! Kinshasa, Mpenyana-ndi-Brazzaville! Kinshasa wa m'mbali mwa mtsinje waukulu, kumene Chifalansa chimalankhulidwa m'kalasi ndi mu ofesi, koma Chilingala ndicho chimagula, kugulitsa, kufunsira ndi kulira maliro! Kinshasa Mayi-wa-rumba, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu Disembala 2021, gule amene ife ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete tinamuvina pamaukwati kalekale osadikira kaundula. Ndipo tikamatchula Congo sititchula mlendo weniweni, pakuti akuluakulu athu amati makolo a Amaravi anachokera ku Uluwa, m'dziko lomwelo. Pamene ng'oma inalira ku Stade des Martyrs, inalira kwa amalume.

Lululululu!

Wotamanda woona sabisa chipsera cha mfumu, ndipo inu muli nazo.

Ndinu Wovala-chilankhulo-chobwera-ndi-chikoti. Chifalansa sichinafike ku Congo ndi nyimbo. Chinafika ndi Leopold II wa ku Belgium, ndi mphira wokakamiza, ndi manja odulidwa. Sichinafike ku Senegal, ku Madagascar kapena ku Cameroon chitapemphedwa. Ana ankalangidwa m'sukulu chifukwa cholankhula chinenero cha mayi awo. Zimenezi siziiwalika chifukwa choti kwalira nyimbo yotsegulira masewero. Chimene ndimakulemekezerani n'choti adzukulu a okwapulidwawo anachigwira chilankhulocho, nachipinda, nachiphunzitsa kuvina, ndipo lero olankhula Chifalansa ochuluka tsiku ndi tsiku ali mu Africa. Mnyamata wa ku Bamako ndi mtsikana wa ku Port-au-Prince amamvana nacho popanda womasulira, ndipo zimene amauzana si za Paris.

Ndinu Wobwerera-ndi-mipando-yopanda-anthu. Ku Ottawa mu 2001 ena mwa obwera kudzapikisana sanakwere ndege yobwerera kwawo, anapempha malo othawirako. Ku Nice mu 2013 enanso anazimiririka masewero ali mkati. Sindiwaponya mwala ana amenewa. Mwana sathawa pakhomo pamene pali nsima ndi mtendere. Mlandu uli kwa atsogoleri amene amakumbukira wothamanga tsiku lomupatsa mbendera, namuiwala tsiku lomupatsa chakudya, nsapato ndi bwalo lophunzirirapo. Uli kwa mayiko olemeranso, amene amati tonse ndife banja limodzi la chilankhulo, koma pawindo la chitupa cholowera m'dziko ubalewo umatha.

Ndipo ndinu Wosiyidwa-ndi-agogo. Pa 26 Julaye 2023, kutatsala masiku awiri kuti Kinshasa atsegule, asilikali analanda boma ku Niamey, ndipo achinyamata a Niger anapikisana mitima ili kwawo. Mu Malichi 2025 Niger, Burkina Faso ndi Mali analengeza kuti akutuluka m'bungwe la Francophonie, ponena kuti likutumikira zofuna za ena ndipo silikulemekeza ufulu wawo wodzilamulira. Niamey, mudzi wa chiyambi, watseka chitseko! Mkwiyo wawo pa France uli ndi mizu yakuya, ndipo sindiuchepetsa. Koma mtima wanga uli pa wogwetsa wa ku Tahoua ndi wa ku Zinder, pa mtsikana wa ku Bobo-Dioulasso amene akuphunzira kudumpha chifukwa anaona Zango, pa wosimba nthano wa ku Ségou. Akuluakulu akakangana, bwalo limene limatsekedwa ndi la ana. Inu Bwalo-la-makomo-awiri, funani njira yoti achinyamata amenewa alowebe, pakuti mchenga wa ogwetsana wopanda Niger ndi mchenga wosakwanira.

Gu! Nde-nde! Gu! Nde-nde!

Tisaiwale osatchulidwa. Mayi amene anagulitsa mbuzi kuti mwana agule nsapato zothamangira, ndinu Mwini-mendulo-weniweni! Mphunzitsi amene amayeza liwiro ndi wotchi ya pamkono pabwalo lafumbi, ndinu Msula-miyendo! Telala amene anasoka zovala za ovina usiku wonse, wowotcherera zitsulo za chidole chachitali, wodzipereka wolozera alendo njira padzuwa, woyendetsa basi, wophika, wosesa bwalo anthu atabalalika, mbalule ikutchulani nonse! Ndi inu anansi athu a ku Mozambique, amene mwakhala pampando woonerera m'bungweli kuyambira 2006 ngakhale kwanu n'kwa Chipwitikizi, mutisungire malo pafupi nanu.

Tsopano nyamulani katundu, Mlendo-wa-zaka-zinayi, ulendo wa 2027 ndi wa ku Yerevan, likulu la Armenia, mzinda wopenya phiri la Ararat. Ndi dziko la makolo a Charles Aznavour, woyimba amene anamwalira pa 1 Okutobala 2018, patangotsala masiku ochepa kuti atsogoleri a Francophonie asonkhane mumzinda womwewo. Ndi dziko la chitoliro cha duduk, chosemedwa ku mtengo wa apurikoti. Ndipo imvani ichi, inu a ku Dakar: nawonso ali ndi kugwetsana kwa makolo awo, kotchedwa kokh, ndipo ogwetsana awo amayamba ndi kuvina, ng'oma ya dhol ndi chitoliro cha zurna zikulira.

Yerevan, tsegulani zipata msanga! Zitupa zituluke pa nthawi yake, wosimba nthano wa ku Lomé asagone pamzere wa ofesi pamene anzake akukwera ndege. Thirani mchenga wokwanira, pakuti akubwera a ku Senegal ndi sabar zawo. Konzani nsanja yolimba, akubwera a ku Kinshasa ndi ziuno zawo, a ku Abidjan ndi zidole zawo zitalizitali, a ku Haiti ndi utoto wawo, a ku Morocco ndi miyendo yawo ya mtunda wautali. Wa dhol akhale uku, wa sabar akhale uko, ogwetsana alowe pakati. Menyani, anyamata, menyani!

Gu! Gu! Nde-nde-nde, gu! Lululululu!